MAU A MLANGIZI: Buledi wa Tsiku la Mpira

 Sabata lino ndaika pambali nkhani ya manyowa imene tinaiyamba, chifukwa poyenda pa njinga m'midzi mwathu ndaona mdani wina wa nkhokwe amene sitinamutchulepo pa tsamba lino. Iye amadya chimanga monga achitira nankafumbwe, koma mankhwala a ku sitolo samupha. Mdaniyo ndiye tsiku la mpira.

Musandiyese wodana ndi masewera, iai. Ine ndinali mnyamata wa ku sekondale pa 11 Januwale 2010, pamene Flames inagonjetsa Algeria ndi zigoli 3 kwa 0 ku Luanda, ndipo tinapfuula kufikira mau anasasa. Pa 25 Januwale 2022, pamene Gabadinho Mhango anaponya mpira uja wa kutali m'golo la Morocco, ndinadzitayira tiyi pa malaya, ndipo ngakhale tinagonja 2 kwa 1 malayawo sindinawadandaule. Mpira ndiukonda. Chimene chiri kundibvuta ndi mtengo umene mabanja ena ali kulipira kuti auonere.

Masiku ano m'midzi yambiri muli nyumba imodzi kapena ziwiri zokhala ndi sola ndi kanema, ndipo pamene palibe kanema pali wailesi. Tsiku limene Bullets ikumana ndi Wanderers pakhomo potero pamadzaza ngati pa msika wa Mbulumbuzi. Anthu 12 kapena 15 sangakhale pa khonde lanu kuyambira dzuwa liri pa mutu kufikira madzulo osalawa kanthu. Mwambo wathu sulola, ndipo mwini nyumba saafuna kuti dzina lache limveke pa chitsime kuti ngwoumira. Tsono m'mawa bambo amatapa ndowa ya chimanga kupita nayo kwa mavenda kuti agule nyama ndi mafuta, nkhuku ziwiri zimafa, ufa wa masiku atatu umathera m'mphika umodzi. Akulu anati mlendo ndi mame, koma mlendo wa mpira amabweranso Loweruka linalo, pakuti ligi imatenga miyezi yambiri ya chaka. Ndowa imodzi ndi nsima ya sabata lathunthu ya banja la anthu 6. Werengani nokha masabata a mpira, ndipo mudzaona kumene njala ya mu Febuluwale imayambira pa makomo ena. Ife a ku Chiradzulu tiribe minda ya kusewera nayo: kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma lathu laling'onoli, ndipo ambiri a ife timalima kamunda kosafika maekala awiri.

Palinso china. Nsima imafuna kudyedwa yotentha, motero pamene anyamata ali kuthamanga m'bwalo amai ali ku khitchini kulimbana ndi utsi. Amamva mkuwo wa chigoli ali ndi mthiko m'manja. Kodi amaiwo safuna kuonera? Kumbukirani kuti chikho cha COSAFA cha 2023 chinabwera kuno ndi Scorchers, timu ya akazi, atagonjetsa Zambia 2 kwa 1 ku South Africa, ndipo maina a Temwa ndi Tabitha Chawinga ali kutchulidwa m'maiko amene ambiri a ife sitidzafikako. Sichinthu cholongosoka kuti mwana wamkazi azisewera mpira pa kanema pamene mai ndi mlongo ali kubvundula nsima kuseri.

Chotero ndifuna kukuuzani za chakudya chimene chimakonzedwa mpira usanayambe, chimadyedwa ndi dzanja limodzi maso ali pa kanema, sichifuna mbale zambiri, ndipo zambiri zache zimachokera kuseri kwa nyumba yanu. Ndicho buledi wodzaza ndiwo pakati, amene a m'tauni amati sangweji.

Dzinali nlachilendo. Linachokera kwa mkulu wina wa ku England, John Montagu, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1718 kufikira 1792, ndipo udindo wache unali Earl of Sandwich. Nkhani imati iye sanali kufuna kuchoka pa tebulo kukadya, tsono anauza anchito ache kuti azimuikira nyama pakati pa mapisi awiri a buledi. Ena amati linali tebulo la njuga, ena amati la nchito za boma. Anyamata athu amene ayamba kubetcha pa mpira ndi ndalama za feteleza atengereko buledi yekhayo, njugayo amusiyire mwini wache.

Koma sangweji ya Azungu, timapisi tiwiri topyapyala ndi kanyama koonekera kuseri, singakhutitse munthu wogwira khasu. Ya ife alimi tikaiphunzire kwa abale athu a ku Joni. Funsani mnyamata ali yense amene anagwirako nchito ku Johannesburg, adzakuuzani za kota. Amatenga lofu ya buledi yosadula, naigawa panai, ndipo dzinalo linachokera ku mau a Chingerezi otanthauza gawo limodzi la magawo anai. Gawo liri lonse amalikumba pakati ngati chipanda, nathiramo tchipisi, soseji, dzira ndi mango wa tsabola, ndipo chofewa chimene anachikumba chija amachiika pamwamba ngati chibvundikiro. Ku Durban Amwenye amathira nyemba kapena nyama ya kale m'buledi wokumba momwemo, nautcha bunny chow. Ku Cape Town kuli Gatsby, buledi wautali ngati mkono amene amadula panai kugawana anthu anai. Anauyamba mwini sitolo wina dzina lache Rashaad Pandy ku Athlone m'chaka cha 1976, pofuna kudyetsa anthu amene anali kumugwirira nchito. Taonani kuti zonsezi nzakudya za anthu a nchito ya thukuta, zopangidwa ndi zimene zinali pafupi. Ifenso tingachite chomwecho ndi nandolo, mazira, matimati ndi mbatata za kwathu kuno.

BULEDI WACHE

Apa ndipo pali bvuto, ndipo sindibisa. Buledi amafuna ndalama. Tirigu m'dziko muno timalima pang'ono, cha ku mapiri a Neno ndi Tsangano, ndipo wambiri amene ophika buledi amagwiritsa nchito amachokera kunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, ndiponso kwacha itatsitsidwa mphamvu mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023, nonse munaona m'mene mtengo wa lofu unakwerera. Ngati mugulitsa chimanga kuti mugule buledi, ndiye kuti nkhani yanga yonseyi yapita pachabe.

Wamalonda amene ali ndi kandalama m'thumba agule malofu 3 osadula, ndipo anthu 12 akwanira, ali yense kota yache. Musalole kuti akudulireni pa makina. Buledi wodula kale sasunga ndiwo. Mabanzi akulu aja a pa msika amene ana amawatcha Obama nawonso amachita bwino.

Koma njira imene ndiikonda ine ndiyo kuphika nokha, ndi kuchepetsa ufa wogula pousakaniza ndi mbatata yofiira m'kati. Mbatatayi mukuidziwa: Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu ndi Anaakwanire. Zondeni inayamba ndiyo, zinazo boma linazibvomereza mu 2011, ndipo anzathu a kafukufuku ku Bvumbwe agwira nchito yaikulu pa mbeu zimenezi. Kufiira kwache ndiko kumapatsa thupi vitamini A, amene amathandiza maso ndi kulimbitsa ana ku matenda. Ophika buledi ena m'dziko muno anayamba kale kuika mbatata yotere m'malo mwa gawo la ufa wa tirigu, ndipo zinaoneka kuti pa magawo 10 mbatata ingathe kutenga magawo 3 kapena 4 buledi nakhalabe buledi. Amatuluka wachikasu, wofewa, ndipo safuna shuga wambiri pakuti mbatata njotsekemera kale.

Chitani motere. Tsukani mbatata, muiphike ndi makoko ache m'madzi pang'ono, ipse ndithu. Isendeni, muiphwanye ndi mthiko kufikira isalale, popanda mibulu. Ikazizira yesani makapu 2 a tiyi odzaza. Mu beseni loyera thirani makapu 5 a ufa wa tirigu, supuni yaikulu imodzi ya isiti, timasupuni tiwiri ta mchere, supuni imodzi ya shuga ndi masupuni awiri a mafuta ophikira. Ikanimo mbatata ija, ndipo muyambe kukanya, mukuthira madzi ofunda pang'ono pang'ono. Ndati ofunda, osati otentha. Madzi otentha amapha isiti, ndipo mudzadikira tsiku lonse ufa osafufuma. Kapu imodzi ya madzi kawirikawiri imakwana, koma mbatata zina nzamadzi, zina nzaufa, motero dzanja lanu ndilo lidzakuuzani. Kanyani mphindi 10 kufikira ufa uleke kumata ku zala. Nchito iyi njoyenera abambo, amene manja ao anazolowera mpini.

Bvundikirani beseni ndi nsalu yoyera, muliike pa malo ofunda ola limodzi. Ufa ukakwera kawiri msinkhu wache, ugaweni pa 12, muumbe mabanzi otalikirapo ngati chisononkho cha chimanga, muwasiyenso theka la ola. Uvuni simuusowa. Amai onse amene amaphika chigumu adziwa kale njira: sefuliya yopaka mafuta, makala ochepa pansi, makala ambiri pa chibvundikiro. Moto wa pansi ukachuluka banzi limapserera kunsi pamene m'kati muli mwamuwisi. Pakapita mphindi 20 kapena 25 tulutsani limodzi, muligogode kunsi ndi chala. Likalira ngati kang'oma lapsa. Sefuliya imodzi singatenge onse 12, tsono muphika maulendo awiri kapena atatu, ndipo nchifukwa chache nchitoyi iyenera kuchitika madzulo a dzulo lache kapena m'mamawa. Banzi logona usiku umodzi limadulika bwino koposa lotentha. Liikeni pamene ana sangafike, chifukwa fungo lache silisunga chinsinsi.

ZA M'KATI

Nkhuku imodzi ikwanira anthu 12. Ndidziwa kuti ena mwaseka, koma tamverani. Nkhuku yodula ziwalo imabala madandaulo: ntchafu ndi ziwiri zokha, nthutumba ndi imodzi, ndipo wolandira khosi amapita kwao ndi mau. Koma mukaiwiritsa yonse ndi mchere, anyezi ndi adyo kufikira nyama iyambe kulekana ndi mafupa, nimuinyotsola ndi kuing'amba timizere ting'onoting'ono, palibenso ntchafu kapena khosi. Onse alandira chimodzimodzi. Nyama yonyotsolayo muikazinge pang'ono ndi anyezi ndi matimati awiri, muthire kamsuzi kache, muusiye uphwere kufikira nyama ikhale yonyowa koma yosadontha. Msuzi wotsala ndi mafupa musataye, ndiwo ndiwo za ana madzulo.

Posankha nkhuku ya kupha musagwire msoti umene uli kuikira. Gwirani tambala wokalamba amene ali kungomenya anzache, kapena thadzi limene linaleka kuikira. Kuwiritsa kwa nthawi yaitali kumafewetsa nyama yache. Ndipo chonde, nkhuku imene yazyolika ndi chitopa si ya alendo, si ya ana, si ya munthu ali yense. Katemera wa chitopa wodontheza m'diso alipo kwa alangizi a ziweto, ndipo amaperekedwa miyezi inai iri yonse. Kumbukiraninso kuti m'midzi mwathu tiri pamodzi ndi abale athu Asilamu. Ngati ena a iwo adzakhala pa khonde lanu, itanani mmodzi adzazinge nkhukuyo, ndipo za nkhumba zisayandikire mphika kapena mpeni tsiku limenelo. Sikwabwino kuti mnzanu wa timu imodzi azingoyang'ana anzache akudya.

Amene alibe nkhuku ya kupha asade nkhawa. Mazira owiritsa mphindi 10, odula mozungulira, amagwira nchito yomweyo, dzira limodzi munthu mmodzi. Nkhuku zakuda za mikolongwe, zimene zinatenga dzina ku Mikolongwe konkuno kwathu ngakhale mtundu wache ndi Black Australorp, zimaikira bwino zikamadya mokwanira, ndipo amene ali nazo zitatu kapena zinai angasonkhanitse mazira 12 m'sabata limodzi. Dzira lokaikitsa liikeni m'madzi: lomira nlabwino, loyandama tayani. Usipa wokazinga wouma, wochotsa mitu, nawonso umakoma m'buledi, ndi nyama ya soya ya m'mapaketi yomwe. Matemba a ku Chilwa ine sindiwaika, chifukwa munthu amene maso ache ali pa mpira saona minga.

Tsono chimene chimakhutitsa kwenikweni, ndi chimene chimachititsa kuti nkhuku imodzi ioneke ngati zitatu, ndi nandolo. Ife a ku Chiradzulu timalima nandolo pafupifupi m'munda uli wonse, koma tinazolowera kumuona ngati mbeu ya sikelo. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo unagwa, ndipo ambiri munakhala ndi matumba m'nyumba osadziwa chochita nao. Chikhalirecho nandolo ndi chakudya chomanga thupi chimene ana athu amachisowa. Phikani chipere monga mwa masiku onse: nandolo wouma makapu 2, wopera ndi kupeta makoko, wowiritsa kufikira aphwanyike. Kusiyana kwache nkwakuti chipere cha m'buledi chikhale cholimba ngati chiponde, chosayenderera. Kazingani anyezi m'mafuta pang'ono, musakanize, muthire mchere ndi madzi a ndimu. Chipere chimenechi mudzachipaka mokhuthala m'kati mwa banzi. Chimagwira nyama kuti isagwe, ndiponso chimatchinga msuzi kuti usalowe m'buledi. M'miyezi ya mapeyala, peyala lakupsa lophwanya ndi mchere ndi ndimu lingalowe m'malo mwache, kapena muike zonse ziwiri ngati mtengo uli pakhomo.

Pamwamba pa nyama pafunika chinthu chokhukhuta ndi chowawasa, apo phuluzi buledi amatsamwitsa. Dulani kabichi mopyapyala ngati fodya wa ndudu, anyezi chimodzimodzi, muwaze mchere, mufinyire ndimu, musiye mphindi 15, ndipo mufinye madzi onse ndi manja oyera. Inu a ng'ombe za mkaka a ku Thumbwe, Namitambo ndi kwina, amene mkaka wa madzulo nthawi zina umakutsalirani, thirani masupuni atatu a chambiko cholimba m'kabichimo. Simudzafunanso mayonezi a m'botolo. Koma chambikocho chikhale cha mkaka umene unayamba wawiritsidwa. Tsabola wa kambuzi musathire m'mphika wa onse. Musinjeni payekha, akhale m'kambale, wofuna adziikire. Pali ana, palinso akulu a zilonda za m'mimba.

Ofuna kota yeniyeni ya ku Joni aonjezere tchipisi. Mbatatesi njodula kuno, koma mbatata yomwe ija kapena chinangwa chozuna zimakazingika bwino pa chiwaya. Ine ndimaona kuti tchipisi chimamwa mafuta ambiri, ndipo chipere chikakhalapo sichifunika, koma anyamata sandibvomereza pa mfundo imeneyi. Mukawerenga zimene zalowa m'banzi limodzi, ufa ndi mbatata, nkhuku, nandolo, kabichi, ndimu, peyala ndi mafuta, mudzapeza magulu onse 6 a zakudya amene timakuphunzitsani pa misonkhano, ndipo palibe amene wakakamizidwa.

Matimati ndawasungira pano dala, chifukwa anandichititsa manyazi. Ulendo woyamba kupanga chakudyachi ndinafuna kuonetsa changu. Ndinadzuka m'mamawa, ndinadzaza mabanzi onse ndi nyama yotentha, msuzi ndi matimati, ndinawakulunga m'majumbo, ndi kuwaika pa zenera pamene dzuwa limafika. Pa nthawi yopumulira ndinawatulutsa monyada pamaso pa alamu anga. Anali phala. Buledi yense anali atamwa madzi, ndipo fungo linali litayamba kusintha. Tinapatsa agalu, alendo anatafuna nzimbe, ndipo alamu angawo kufikira lero akandiona amafunsa ngati phala la mpira lapsa.

Motero dongosolo lache ndi ili. Zonse zikonzedwe m'mawa, koma chiri chonse chikhale m'mbale yache yobvundikira, pa mthunzi. Kudzaza kuchitike mpira uli pafupi kuyamba, kapena pa mphindi 15 zopumulira ngati manja ali ambiri. Nyama muitenthetsenso pa mbaula ifuke nthunzi. Banzi mulicheke m'mbali osalekanitsa, muchotseko chofewa pang'ono, mulikhazike pa chiwaya chotentha kamphindi kuti m'kati muume. Pakani chipere mbali zonse ziwiri, ikani nyama, kenaka kabichi, ndipo matimati alowe pomalizira, odula mozungulira, atakhetsedwa madzi ndi njere. Tsekani, mupsinje ndi chikhatho kuti zigwirane. Kulungani theka la kunsi ndi tsamba la nthochi lotsuka ndi lowaula pa moto, kuti wakudya agwire potero. Musakulunge m'nyuzipepala, ngakhale ino imene muli kuwerengayi, inki siidyedwa.

Za ukhondo sindingazidumphe, popeza kabichi, anyezi ndi matimati tiri kuzidya zosaphika. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira m'chaka cha 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo njira yache yaikulu inali madzi ndi manja. Tsukani masamba ndi madzi owiritsa kapena othira klorini. Mpeni ndi thabwa zimene mwadulira nkhuku yaiwisi zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze tomato. Pa khomo pakhale ndowa, sopo ndi kapu yothirira, mlendo ali yense asambe madzi oyenderera. Kusambira m'beseni limodzi anthu 15 ndiko kugawana matenda. Ena amaganiza kuti popeza si nsima kusamba nkosafunika. Dzanja lomwelo lagwira ndalama, njinga ndi manja a anthu onse a pa khonde.

Inu a madimba, ndikunena ndi inu makamaka. Pa botolo liri lonse la mankhwala opopera pamalembedwa masiku amene ayenera kupita musanakolole. Ndimakumana ndi alimi amene amapopera matimati Lachisanu nathyola Loweruka, ati kuti aoneke owala pa msika. Tomato wotere ngwoipa m'mphika, koma ngwoipa koposa wosaphika. Ngati mwapopera posachedwa, siyani, kapempheni kwa mnzanu amene masiku ache akwana.

Banzi lodzaza kale lisakhale maola oposa awiri lisanadyedwe, ndipo m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala ola limodzi lokha. Mpira wonse pamodzi ndi kupumulira sufika maola awiri, tsono zimagwirizana bwino. Lotsala musasungire mwana kuti apite nalo ku sukulu m'mawa. Ligaweni lithe pomwepo.

Chatsala ndi funso la amene alipira. Ine ndiona kuti mwini nyumba wapereka kale zambiri: khonde, mipando, batire ndi makala. Oonera mpira ndi omwewomwewo sabata ndi sabata, ndipo amadziwana. Bwanji osapangana pa Lachinai kuti uyu abweretsa ufa wa tirigu, uyu mazira, uyu kabichi wa ku dimba kwache, uyu mbale ya nandolo, ndipo nkhuku izizungulira makomo? Timachita zimenezi pa maliro ndi pa ukwati popanda wochita manyazi. Paketi ya ufa ya kilogalamu imodzi imapitirira makapu 5 aja, ndipo ndiyo yokha pamodzi ndi isiti, mchere ndi mafuta imene ifuna ndalama. Anthu 12 atasonkha, sipafunika ndowa ya munthu ali yense kutuluka m'nkhokwe. Wobwera chimanjamanja masabata atatu otsatana mumupatse nchito yokanya ufa.

Chakumwa chikhale thobwa kapena tiyi wa mkaka. M'nyengo ya nandolo wamuwisi wiritsani makata, muwaike pa lichero pakati, anthu azisenda pamene ali kudikira kuti mpira uyambe. Ndipo kwa agogo amene adzanena kuti sanadye kanthu chifukwa sanaone nsima, musatsutsane nao. Madzulo muwaphikire kamphika kao ndi msuzi wa nkhuku uja munasunga.

Amene alibe mbatata yofiira m'munda afunse kwa mlangizi wa dera lache ku Mombezi, Thumbwe kapena Mbulumbuzi za kumene angapeze mbeu mvula isanagwe. Sabata la mawa tidzabwerera ku manyowa, ndipo ndidzanenanso za kasungidwe ka mbeu ya mbatata m'chilimwe kuti mbuzi zisaithe.

Ndine mlangizi wanu.